Kodi Chindapusa ndi Mtengo Wogulira Lamulo?

Azimai anzanga m'Chigwirizano, nkhani ya malamulo a pamseu ambiri a ife timaiyesa ya azibambo, ya madalaivala ndi apolisi. Timati itikhudza bwanji, popeza ambiri tilibe ngakhale laisensi? Koma taganizani za ulendo umene mumayenda kawirikawiri, wochokera m'tauni kubwera kuno ku Libala. Minibasi yadzaza, kondakitala wapatsa wina mpando wake ndipo iye waŵeramira pakhomo. Mwafika mu Burma Road, motoka yochokera kutsogolo yaphethira magetsi, dalaivala wadziŵa kuti apolisi ali pafupi. Mwina akhotera m'tinjira ta pakati pa nyumba za ku Kabwata kuti awazembe. Mwina aima, kondakitala atsika atafumbata kanthu, apita kukalankhula ndi abwana, abwerako, ulendo upitirira. M'basimo muli amai a mpingo anai kapena asanu, ena ali mu yunifolomu. Palibe atsegula pakamwa. Ambiri mumtima timati zikomo, chifukwa ndiwo zikudikira kunyumba.

Tsono funso ndi ili: kodi lamulo la dziko ndi chinthu chimene munthu atha kusankha, lero kulimvera, maŵa kulisiya, malinga ngati ali wokonzeka kulipira akagwidwa? Musafulumire kuyankha kuti iai. Pakamwa tonse tidzati iai, koma mayendedwe athu anena zina.

Maganizo amene afala kwambiri ndi akuti chindapusa ndi mtengo. Munthu amaŵerengera monga achitira pa msika: ndikathamanga ndifika msanga, apolisi sagwira tsiku lililonse, akandigwira ndilipira, zatha. Amene aganiza chotere sadziona ngati wolakwa. Adziona ngati wogula. Pali nkhani ina yochokera kutali imene ionetsa bwino chimene chimachitika mumtima mwa munthu lamulo likasanduka malonda. Mu 1998, mumzinda wa Haifa ku Israel, akatswiri aŵiri a zachuma, Uri Gneezy ndi Aldo Rustichini, anachita kafukufuku pa masukulu khumi a mkaka. Makolo ena anali kuchedwa kudzatenga ana, aphunzitsi n'kumatsala nawo nthaŵi yoŵeruka itakwana. Pa masukulu asanu ndi limodzi anaika chindapusa chaching'ono kwa kholo lochedwa. Inu mukanati kuchedwa kutha. Kunachuluka. Kale kholo linali kuchita manyazi podziŵa kuti likuvutitsa mphunzitsi amene nayenso ali ndi banja. Chindapusa chitabwera manyazi anatha, kholo linati ndalipira, ndili ndi ufulu wochedwa. Chodabwitsa china n'chakuti atachotsa chindapusacho, makolo sanabwerere ku khalidwe lakale. Mphunzitsi uja anali ataleka kuoneka ngati munthu m'maso mwao.

Pamseu n'chimodzimodzi, koma amene aleka kuoneka si mphunzitsi wotopa chabe. Ndi mwana wa sukulu amene aoloka Chilimbulu Road m'maŵa, ndi agogo ochokera ku UTH atanyamula mankhwala ao, ndi mai wogulitsa chimanga chootcha m'mbali mwa mseu. Lamulo la liŵiro linalembedwera iwoŵa. Motoka yothamanga makilomita 60 pa ola iyenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Dalaivala ataona mwana, phazi lisanafike pa buleki, motoka yadutsa kale utali wa nyumba. Ndipo liŵiro likaŵirikiza kaŵiri, mtunda woti motoka iime suŵirikiza kaŵiri, uŵirikiza kanai. N'chifukwa chake mu 2019 dziko lathu linatsitsa liŵiro la pafupi ndi masukulu kufika pa makilomita 30 pa ola. Munthu wogundidwa pa liŵiro limenelo nthaŵi zambiri amapulumuka. Pa 60 ambiri sadzuka. Kodi pali chindapusa chimene chingaikidwe kuti chikhale mtengo wa kusiyana kumeneku?

M'zaka zaposachedwa anthu pafupifupi 2,000 amafa pa miseu ya Zambia chaka ndi chaka, ndipo gulu lalikulu mwa iwo ndi oyenda pansi, anthu amene sanagwirepo chiwongolero. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, m'lipoti lake la 2023 linati ngozi za pamseu zipha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pa chaka, ndipo ndizo zitsogola pa zopha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Enanu mukumbukira April 2005, pamene lole yonyamula ana a sukulu ku Kawambwa inagubuduka potsekera sukulu, ana oposa 40 n'kutha. Mukumbukiranso 7 February 2013 ku Chibombo, basi ya Post Bus yochokera ku Ndola itaombana ndi lole, anthu oposa 50 anafa ndipo dziko linalira masiku atatu. Ngakhale mseu wathu wa Yotam Muleya kuno ku Libala uli ndi dzina la mnyamata wothamanga amene anatchukitsa dziko lino mu 1958, koma anafa pa ngozi ya motoka ku America mu 1959 asanafike patali. Timautchula tsiku ndi tsiku osaganizako.

Malamulo ambiri a pamseu anabadwa pambuyo pa maliro. Lamulo lalikulu limene tiyendera, Road Traffic Act, ndi la 2002, ndipo ndilo linakhazikitsa RTSA. Mu 2016, ngozi za mabasi zitanyanya, boma linaletsa mabasi a maulendo ataliatali kuyenda kuyambira 21:00 usiku kufikira 05:00 m'maŵa. Amai ochita malonda anadandaula, ndipo dandaulo lao linali lomveka, pakuti tsiku lathunthu linali kutayika panjira. Lamulo litha kukhala lopweteka, litha kufuna kukonzedwa. Koma kukonzedwa kwake n'kwina, kuliphwanya mobisa n'kwinanso.

Apa ndikudziŵa chimene ena mwayamba kale kunena mumtima, ndipo sindichipeputsa. Mukuti: amai, mukulankhula ngati apolisi amaima pamseu kuti ateteze ana athu. Ife tiona zina. Tiona kuti motoka yopanda mabuleki idutsa ikasiya ya drinki, pamene yabwinobwino iimitsidwa n'kufunidwa cholakwa mpaka chipezeke. Tiona kuti motoka zina zazikulu za magalasi akuda siziimitsidwa konse. Mau akuti nchekelako sanachokere kumwamba, anabadwira pa miseu yathu yomweyi. Zimenezi si miseche. Kafukufuku wa Zambia Bribe Payers Index, amene Transparency International Zambia ichita pamodzi ndi Anti-Corruption Commission, waonetsa kangapo kuti nthambi ya apolisi a pamseu ili m'gulu la malo amene munthu akumana ndi ziphuphu koposa. Ndiponso mu 2018, makamera oyesa liŵiro ataikidwa m'miseu ya Lusaka, anthu ambiri analira kuti alandira zindapusa pa malo amene zikwangwani za liŵiro sizinali kuoneka bwino. Lamulo limene ligwira munthu lisanamuuze chofunika kuchita limaoneka ngati msampha, ndipo anthu akaliona ngati msampha amaphunzira kulizemba, osati kulilemekeza.

Palinso kusalingana kwa chindapusa chenichenicho. Ndalama imene bwana wa ku Kabulonga aitulutsa m'thumba osaŵerenga, kwa dalaivala wa minibasi ndi chakudya cha banja cha masiku angapo. Iye adzuka 04:00 ali kale ndi ngongole: mwini basi afuna ndalama zake za tsikulo, mafuta afuna ndalama, angwangwazi pa siteshoni afuna zao. Chotsala ndicho chake. N'chifukwa chake athamanga, n'chifukwa chake apanikiza anthu. Ku Finland anaona vuto lotere ndipo zindapusa za milandu ikuluikulu ya pamseu amaziŵerengera pa malipiro a munthu, kuti wolemera amve kuŵaŵa kofanana ndi wosauka. Kuno sitinafike pamenepo, ndipo ine ndiyesa kuti ndi nkhani yoyenera kuifikitsa kwa aphungu athu.

Zonsezi n'zoona. Koma taonani pamene maganizo athu amaterereka. Timayamba ndi kuti wapolisi uyu ndi wachinyengo, n'kumaliza ndi kuti choncho lamulo silindimanga. Pakati pa ziŵirizi pali dzenje. Lamulo si katundu wa wapolisi. Iye analipeza, adzalisiya. Ngati mlonda wa pa chitsime ali wakuba, kodi madzi aleka kufunika kukhala aukhondo? Kodi tiyamba kutayiramo zinyalala kuti timulange? Amene adzamwa ndi ana athu. Dalaivala wodutsa loboti yofiira pa mphambano chifukwa chokwiya ndi apolisi sanalange wapolisi aliyense. Waika pachiswe mai amene anakhulupirira kuti nyali yobiriŵira ndi nthaŵi yake yooloka.

Ndipo chiphuphu, chimene timachiyesa njira ya wosauka yodzipulumutsira, ndicho chimene chisunga zinthu momwe zilili. Taganizani chimene ndalama yofumbata ija igula. Siigula tayala latsopano. Siikonza mabuleki. Tayala lakutha lija lipitirira ulendo, lanyamula anthu 18, koma tsopano lili ndi chilolezo. Wapolisi waphunzira kuti kuima pamenepo kulipira, maŵa adzabweranso, ndipo dalaivala adzayamba kuika ndalamayo pa bajeti ya tsiku monga aikira ya mafuta. Pomaliza imachokera m'chikwama chanu, pa mtengo wa basi. Lamulo lolimbana ndi katangale la 2012 silisiyanitsa: wopereka ndi wolandira onse ali ndi mlandu. Chilamulo cha Mose nacho, pa Eksodo 23, chiletsa chiphuphu pa chifukwa chakuti chimatseka maso a munthu amene ayenera kuona. Pamseu zimenezi zichitika monga momwe zinalembedwera. Munthu amene boma linamuika kuti aone tayala, walipidwa kuti asalione.

Njira yoongoka ilipo, ngakhale ili yotopetsa. Wolakwa pa mlandu waung'ono atha kuvomera kulakwa, kulipira chindapusa chimene lamulo linaika ndi kulandira lisiti ya boma. Amene akhulupirira kuti sanalakwe ali ndi ufulu wokana ndi kukaonekera ku khoti. Ndidziŵa, zimenezi zidya tsiku, nthaŵi zina masiku, ndipo wofumbata uja afika kunyumba inu mukali pa benchi ya ku polisi. Sindikunamizani kuti chilungamo n'chotsika mtengo. Pa Machitidwe 24 timva kuti kazembe Felike anali kuitana Paulo kaŵirikaŵiri poyembekeza kuti ampatsa ndalama. Paulo anali ndi abwenzi amene akanasonkha, ndipo ntchito yomudikira kunja inali yaikulu kuposa ya aliyense wa ife. Anakhala m'ndende zaka ziŵiri. Koma sanakhale chete ngati nkhosa: Paulo yemweyo anadziŵa ufulu wake, ku Filipi anakana kutulutsidwa m'ndende mobisa atamenyedwa popanda mlandu, ndipo pambuyo pake anapempha kuti mlandu wake ukamveke kwa Kaisara. Kumvera lamulo sikutanthauza kugonjera wapolisi aliyense pa chilichonse. Kufunsa kuti mlandu wanga ndi uti, kupempha lisiti, kulemba nambala ya wapolisi, kukadandaula kwa akulu ake kapena ku Anti-Corruption Commission, zonsezi ndi kumvera lamulo, pakuti lamulo lomwelo limanga iyenso.

Wina wodziŵa Baibulo adzati: nanga anamwino aja a ku Ejipito, Sifra ndi Puwa, sanakane lamulo la Farao? Nanga atumwi sanakane kuleka kulalikira akulu atawaletsa? Ndipo pafupi pompano, ku Chilenje, pali nyumba nambala 394 imene Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira 1960 kufikira 1962, atangotuluka m'ndende ya atsamunda. Amai Julia Chikamoneka ndi anzao mu 1960 anavula pamaso pa nduna ya Britain, Iain Macleod, kuonetsa mkwiyo wa dziko. Dziko lino linamasulidwa ndi anthu amene anaphwanya malamulo. Inde, ndipo tiwalemekeza. Choncho sitinganene kuti lamulo lililonse la munthu liyenera kumveredwa nthaŵi zonse.

Koma tayang'anani bwino anthu ameneŵa. Lamulo limene anakana linali kuwauza kuchita choipa kapena kulandira kuponderezedwa: kupha makanda, kubisa choonadi, kuyenda ndi chitupa m'dziko lao lomwe, kugula nyama pa kawindo chifukwa cha khungu. Anakana pofuna kupulumutsa ena. Ndipo a ku Chilenje ndi atumwi anakana poyera, dzuŵa likuswa mtengo, ali okonzeka kulandira ndende. Tsono ikani pambali pao dalaivala woyendetsa ataledzera, kapena mai wolankhula pa foni ali pa chiwongolero mu Independence Avenue. Lamulo limene aphwanya silinawauze kuchita choipa chilichonse. Aliphwanya pofuna kudzithandiza okha, ena ndiwo asenza ngozi yake, ndipo akagwidwa afuna njira yoti nkhani ithere pomwepo munthu asadziŵe. Chikumbumtima chimene chikana lamulo loipa sichiopa kuonekera. Chimene chifuna mdima ndi china, ndipo tisachipatse dzina la ufulu.

Paulo pa Aroma 13 analembera Akhristu okhala pansi pa boma la Roma m'masiku a Nero, boma limene silinali la anthu oyera mtima. Anawauza kuti amvere olamulira, osati chifukwa choopa chilango chokha koma chifukwa cha chikumbumtima. Ndiyesa kuti mutu umenewu tauŵerenga nthaŵi zambiri ngati wonena za mafumu ndi mapulezidenti, n'kuiŵala kuti m'mutu womwewo iye apitirira kunena za kukonda mnzako, kuti chikondi sichichitira mnansi choipa. Pamseu ndi pamene ziŵirizi zikumana moonekeratu. Simudziŵa dzina la munthu amene akubwera kutsogolo kwanu, simudzamuonanso, simungampatse moni. Njira yokha yomukondera ndiyo kukhala kumanzere kwanu, kuzimitsa magetsi aakulu usiku, kudikira nthaŵi yanu. Wokhala ndi mantha okha amvera pamene pali yunifolomu. Wokhala ndi chikumbumtima aima pa loboti yofiira 23:00, pamene palibe womuona.

Tsopano tibwere kwathu, chifukwa n'kwapafupi kudzudzula madalaivala tili pa mpando wakumbuyo. Ndani amauza dalaivala kuti abale fulumirani tachedwa ku mapemphero? Ndani amagogoda basi kuti itsitse pakati pa mseu, pakhomo penipeni, chifukwa siteshoni ili patali pang'ono? Pa Great East Road ndi pa Kafue Road anamanga milatho ya oyenda pansi, koma mudzaona mai ali ndi mwana kumbuyo, katundu pamutu, akuthamanga pansi pa mlatho pakati pa motoka. Miyendo imapweteka, masitepe ndi ambiri, ndipo kwa okalamba ndi olumala milatho ina ndi yovutadi. Koma ambiri oolokera pansi ndi athanzi, ndipo mwana wogwidwa dzanja uja akuphunzira. Palinso ife amai amene mwana akalephera mayeso a kuyendetsa timafunsa ngati pali munthu wodziŵika amene angathandize kuti laisensi ituluke. Timati tamuthandiza kupeza ntchito. Tamupatsa chitsulo cholemera matani aŵiri asanadziŵe kuchiimitsa.

Pakati pathu palinso akazi a apolisi, amai a apolisi, ndi alongo athu amene iwo eni avala yunifolomu ya polisi. Sindifuna kuti muŵerame nkhope. Ambiri agwira ntchito yao mokhulupirika, aima pa dzuŵa ndi pa mvula pa malipiro osakwanira, ndipo ndiwo afika poyamba pa ngozi kukatola zimene ife sitingathe kuziyang'ana. Pa Luka 3, asilikali ndi okhometsa msonkho atafunsa Yohane Mbatizi chochita, iye sanawauze kusiya ntchito. Anawauza kuti asalande za anthu ndipo asapitirire pa zimene analamulidwa. Mau otere amveka bwino akachokera kunyumba kusiyana ndi pa guwa. Ndalama ikabwera pakati pa mwezi yosadziŵika kumene yachokera, mkazi ali ndi mphamvu yofunsa, ndipo ali ndi mphamvu yochepetsa zimene apempha kuti mwamuna asakakamizike. N'zovuta, pamene ana afuna za sukulu. Chigwirizano chiyenera kukhala malo amene mai wotere angalankhule osasekedwa.

Chimene chindivuta koposa ndi maulendo athu a mpingo. Maliro akachitika timakwera pa lole yotsegula, tikhala m'mphepete miyendo ili kunja, tiimba njira yonse mpaka ku Leopards Hill kapena ku Chingwere, ndipo timadziŵa kuti apolisi kaŵirikaŵiri saimitsa motoka ya maliro. Amachita ulemu, ifenso tapezerapo mwai. Koma buleki yadzidzidzi siidziŵa kuti tikupita kukaika m'bale. Chimodzimodzi misonkhano ikuluikulu ya kum'maŵa. Great East Road ikadutsa Chongwe iloŵa m'mapiri, mokhotakhota mpaka kutsikira ku mlatho wa Luangwa, ndipo ndi mmene timapitamo titapanikizana, masaka a ufa ndi mapoto zili m'kanjira ka pakati. Tisananyamuke timapemphera kuti Mulungu atiyendetse bwino. Pemphero n'loyenera. Koma Ambuye athu atauzidwa kuti adziponye kuchokera pamwamba pa Kachisi popeza angelo adzawagwira, anakana, nati kumeneko n'kuyesa Mulungu.

Nkhaniyi idzafika pa tebulo la komiti yanu, mwina chaka chino chomwe. Basi imene mwapangana nayo ili ndi mipando 29, maina olembedwa ndi 36. Dalaivala adzati palibe vuto, za panjira adziŵa mokambira nawo, mungoonjezako pang'ono. Amai msungichuma adzati ndalama za motoka yachiŵiri palibe, ndipo adzakhala akunena zoona. Asanu ndi aŵiri otsalawo ndi anthu amene muwadziŵa, ena asonkha miyezi itatu kuti apite nawo. Pamenepo padzafunika mmodzi wa inu kunena kuti tisonkhenso, kapena ena apite pa basi ya ku Intercity ife tiwalipirire theka, kapena tichepetse katundu ndi zogula zina za msonkhano. Adzaoneka wovuta, ndipo msonkhano wa komiti udzatha mochedwa tsiku limenelo.